Mapichesi owotcha pa mbaula: akamamata pa waya, kupserera kapena kusanduka phala

Mwadula pichesi pakati, mwaliika pa waya, papita mphindi ziwiri, mukuti mutembenuze, mnofu wonse watsalira pa waya, m'chopanira mwatsala khungu lokha. Tsiku lina kunja kwada bii pamene m'kati muli gwa ngati mbatata yosapsa. Tsiku linanso mapichesi angofewa n'kuchucha madzi mpaka kuzimitsa makala. Ambiri amaloza chala mbaula, koma mbaula kawirikawiri imakhala ilibe mlandu. Cholakwika chimakhala chitachitika kale pogula chipatso, pochidula, kapena pa nthawi imene mwathira shuga.

Pichesi liyenera kupsa kawiri, poyamba mu mtengo, kenako pa moto, ndipo moto sungakonze zimene mtengo sunamalize.

Chipatso chimene mwagula

Mapichesi ambiri a ku Malawi amachokera kumadera ozizira a kumapiri monga Dedza ndi Ntcheu, ndipo amadzaza m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1, monga pa Lizulu, cha m'ma Okutobala mpaka Disembala. Ogulitsa amathyola akadali olimba kuti asaphwanyike m'mabasiketi ndi m'matumba paulendo. Pichesi lothyoledwa msanga limafewa ndithu mukalisunga, koma shuga wake sawonjezereka kwenikweni. Nthochi ili ndi ufa m'kati umene umasanduka shuga ikavundikidwa; pichesi lilibe nkhokwe yotero. Lomwe lathyoledwa lanthete lidzakhala lowawasa ngakhale litafewa bwanji.

Posankha musanyengeke ndi kufiira kwa patsaya. Kufiirako kumangosonyeza mbali imene dzuwa linkawomba. Yang'anani kadzenje ka pamene chipatso chinalumikizana ndi nthambi. Pakakhala pobiriwira kwambiri, lisiyeni. Pakakhala pachikasu kapena poyererako, litengeni, mulinunkhize, kenako mudinikize pang'ono ndi chala chachikulu pambali pa kadzenjeko. Loyenera kuwotcha limalola chala pang'ono chabe, ngati peyala limene mudzadya mawa, osati la lero. Chala chikalowa n'kusiya chibowo, limenelo idyani laliwisi. Pa waya lisanduka phala.

Ngati onse ali gwa, avundikeni m'thumba la pepala, la shuga kapena la ufa, pamodzi ndi nthochi imodzi yakupsa. Nthochiyo imatulutsa mpweya wofulumizitsa kupsa. Tsiku limodzi mpaka atatu zimakwana, koma m'nyengo yotentha ya Okutobala muzitsegula m'mawa ndi madzulo, chifukwa amatha kuchoka pouma kufika povunda usiku umodzi. Jumbo ya pulasitiki ayi: amachita thukuta n'kuyamba nkhungu.

Musaike mapichesi osapsa m'firiji. Kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, komwe ndi kuzizira kwa firiji ya pakhomo, kumawononga mnofu akakhalitsamo. Akatuluka amaoneka bwino kunja, koma m'kati muli mouma, mwaufaufa, mopanda madzi. Otere alibe mankhwala. Mukawawotcha amangonyenyeka.

Palinso nkhani ya mphutsi, imene aliyense wogula mapichesi a pamulu amaidziwa. Ntchentche za zipatso zimaboola khungu n'kuikira mazira m'kati. Chizindikiro chake ndi kadontho kakuda ngati pobaya singano, nthawi zina potuluka kautomoni, ndipo pozungulira pake pamakhala pofewa. Gulani ochulukirapo kuposa amene mukufuna, mwina awiri pa asanu aliwonse, ndipo muwadule onse n'kuwayang'ana m'kati, makamaka pafupi ndi nthangala, asanafike pa moto.

Nthangala ikakana kuchoka

Malangizo ambiri amati dulani mozungulira potsata mzere wa pichesi, mupotoze mbali ziwirizo, zilekana zokha. Izi zimatheka pa mitundu imene nthangala yake imasiyana ndi mnofu. Pali mitundu ina imene mnofu umagwirana ndi nthangala zolimba, ndipo mapichesi ang'onoang'ono a m'misika mwathu ambiri amavuta chonchi, makamaka akakhala kuti sanapse bwino. Mukakakamiza kupotoza mumafinya madzi, mnofu umaphwanyika, ndipo chimene chatsala sichigonanso bwino pa waya.

Yesani limodzi. Likakana, sinthani kadulidwe: liimikeni pa thabwa, mudule matsaya awiri mbali iyi ndi iyo ya nthangala monga timadulira mango. Tsaya lililonse likhale lokhuthala sentimita imodzi ndi theka kapena awiri. Lopyapyala kuposa apo limauma lisanafiire. Timinofu totsalira pa nthangala ndi ta wodulayo. Ngati mbali imodzi yachoka koma nthangala yakakamira mbali inayo, lowetsani supuni yaing'ono ya tiyi pansi pake n'kuitukula, osati nsonga ya mpeni chipatso chili m'dzanja, chifukwa pichesi limaterera.

Nthawi zina mupeza nthangala yosweka yokha m'kati. Chotsani tizidutswa tonse, popeza n'tolimba moti tingathyole dzino. Kanjere ka m'kati mwa nthangala si mtedza, kali ndi poizoni, ndipo ana asamaswe n'kudya.

Musasende. Khungu ndilo mbale imene imagwira mnofu ukafewa. Ngati ubweya wake ukukunyansani, pukutani ndi kansalu konyowa musanadule, umachoka.

Matsaya aang'ono amagwera m'mipata ya waya. Atungeni atatuatatu pa timitengo ta nsungwi toviikidwa m'madzi kwa mphindi 30, timitengo tiwiri pa mzere uliwonse kuti asamazungulire potembenuza, mbali yodulayo itayang'ana kumodzi.

Kumata pa waya

Apa m'pamene ambiri amagwa ulesi, ndipo zifukwa zake zimabwera pamodzi.

Waya wakuda ndiye woyamba. Zotsalira za nyama ya dzulo zili ngati ulimbo: madzi a shuga a pichesi akakumana nazo amagwirana. Ikani waya pa moto kwa mphindi 5 mpaka 10 kuti zotsalirazo zipserere, muzipale ndi bulashi ya waya kapena msana wa mpeni, kenako mupukute ndi kansalu koviika m'mafuta ophikira, mutakagwira ndi chopanira. Ngati mwapala ndi bulashi, yang'anitsitsani kuti sipanatsale katsitsi ka waya.

Kutenthetsa wayako kuli ndi ntchito inanso. Chipatso chikagona pa chitsulo chozizira, madzi ake amatuluka pang'onopang'ono n'kuuma pa chitsulocho ngati phala la pansi pa mphika. Pa chitsulo chotentha, pamene pakhudza pamauma nthawi yomweyo n'kupanga kachikhokho kopyapyala, ndipo kachikhokhoko n'komwe kamalola chipatso kunyamuka. Mukaika pichesi muyenera kumva kulira kwa tswii. Pakakhala zii, lichotseni mudikire.

Kenako nkhope yonyowa. Pichesi ndi madzi pafupifupi magawo 9 pa 10 aliwonse. Mukangodula, mbali yodulayo imanyezimira madzi. Ipukuteni ndi kansalu koyera kouma, ndiyeno muipake mafuta ophikira ndi chala kapena kabulashi. Supuni yaikulu imodzi, ya mamililita 15, imakwana mapichesi anayi akuluakulu, kutanthauza zidutswa 8. Mafuta azingonyezimira, asamadonthe, chifukwa akadonthera pa makala amayatsa malawi amene amadetsa chipatso ndi mwaye. Mafuta a mpendadzuwa kapena a soya ali bwino. Batala ndi majarini zisungeni, zidzagwira ntchito pambuyo pake. Zili ndi madzi ndiponso timagawo ta mkaka timene timapserera msanga, motero mukapaka poyamba zimathandiza kumata m'malo moletsa.

Chomaliza ndi dzanja lopupuluma. Mukagoneka chidutswa chafufumimba, mbali yodula ili pansi, musachikhudzenso kwa mphindi 3 kapena 4. Osasuntha, osasuzumira, osadinikiza ndi supuni. Nthawi ikakwana, lowetsani mpeni wa lathyathyathya kapena chotembenuzira mazira pansi pa chidutswa chimodzi, motsata kumene waya walowera. Chikanyamuka mosavuta, tembenuzani zonse. Chikakana, chipatseni mphindi ina imodzi. Chimene chakana pa mphindi yachiwiri kawirikawiri chimadzimasula chokha pa mphindi yachinayi. Chopanira chigwiritseni ntchito mofatsa, chogwira m'mbali mwa khungu, chifukwa chimafinya.

Kunja kwada, m'kati simunapse

Moto wachuluka, kapena waya wayandikira makala mopitirira. Pa mbaula yophikira, timiyendo tokhazikapo poto timasiya mpata wa masentimita awiri kapena atatu okha pamwamba pa makala. Mpata umenewo ndi wa poto wa nsima, si wa chipatso. Kwezani waya ufike masentimita 10: ikani njerwa mbali ziwiri za mbaula, waya ukhale pa njerwazo. Ngati njerwa palibe, chepetsani makala atsale mzere umodzi pansi.

Makala akhale atayaka onse n'kuvala phulusa loyera, popanda malawi, zomwe zimatenga mphindi 20 kapena kuposerapo chikolezereni. Yesani ndi chikhatho pamtunda pang'ono pa waya. Mukapirira masekondi 4 kapena 5 musanachotse dzanja, moto uli bwino, uli cha m'ma madigiri 200 mpaka 230. Mukachotsa pa masekondi awiri, dikirani, kapena tsekani kachitseko ka mbaula kuti mpweya uchepe. Mbaula ya dothi m'kati imasunga kutentha nthawi yaitali kuposa ya chitsulo chokhachokha, choncho imachedwa kutsika.

Nthawi yabwino kwenikweni ndi pamene mwaphula nsima ndi ndiwo. Moto umakhala watsika wokha kufika pamene pakufunika, ndipo simuwononga makala ena. Mapichesi amapsa anthu akusamba m'manja.

Kankhirani makala mbali imodzi kuti mukhale ndi malo otentha ndi malo ofunda chabe. Mbali yodula ipse pamoto weniweni. Mukatembenuza, khungu lili pansi, sunthirani kofundako kwa mphindi 2 kapena 3. Ngati mapichesi anali olimbirako, avindikireni ndi chivindikiro cha poto kapena kabeseni ka chitsulo kwa mphindi 4 kapena 5, kuti nthunzi yake ifewetse m'kati popanda kupsereza pansi. Bayani ndi nsonga ya mpeni pokhuthala kwambiri: ilowe mosavuta, koma chidutswa chisagwe mukachinyamula.

Moto wofooka uli ndi vuto lake. Chipatso chimangowira m'madzi ake, chimatuwa, mizere sioneka, ndipo mukadikira kuti chifiire chimakhala chitafewa kale mopitirira. Mukapirira masekondi 8 kapena kuposa, kupizani moto kapena tsitsani waya, koma muyambe mwachotsa mapichesi kuti phulusa lisawagwere.

Kuwawa ngati mankhwala

Pichesi lowotcha likamawawa, funsani kuti shuga munathira liti. Anthu ambiri amawaza shuga kapena kupaka uchi asanaike pa moto, poganiza kuti ndiye zifiira bwino. Shuga wa nzimbe amayamba kufiira cha pa madigiri 160, ndipo akapitirira pang'ono amada n'kuwawa. Waya wanu uli pa madigiri oposa 200. Uchi ndiye umapserera msanga kuposa apo, chifukwa mtundu wa shuga wochuluka mu uchi umayamba kufiira cha pa madigiri 110. Ndiye pofika mphindi yachitatu, pamwamba pali khala.

Shuga wothira msanga amakokanso madzi, monga mchere umachitira pa tomato wodula. Mbali imene munapukuta ija imanyowanso, kumata kuja n'kubwerera.

Shuga wa m'chipatso momwemo ndi wokwanira kupanga mizere yofiirira. Wowonjezera adikire mpaka mutatembenuza. Pamenepo kadzenje ka nthangala kayang'ana kumwamba, ndipo ndi kambale kokonzeka kale. Pa chidutswa chilichonse ikani theka la supuni yaing'ono ya shuga wabulawuni, kabatala kapena kamajarini konga njere ya nyemba, ndi timchere tochepa totsina ndi zala ziwiri. Zisungunukire momwemo khungu likupsa. Sinamoni muthire pomwepa, pang'ono chabe, chifukwa pamoto weniweni amapserera n'kuwawa. Uchi udikirenso: supuni yaing'ono imodzi pa zidutswa ziwiri, zitafika kale m'mbale. Mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi.

Matsaya odulidwa ngati a mango alibe kadzenje. Alembeni timizere tiwiri titatu ndi nsonga ya mpeni mukatembenuza, kuti batala ndi shuga zipeze polowa.

Ngati zapserera kale koma pamwamba pokha, palani pakudapo ndi mpeni. Mnofu wapansi umakhala uli bwino.

Asanduka phala

Mwina anali opsa kwambiri, mwina akhalitsa pamoto. Nthawi yonse, mbali zonse ziwiri, isapitirire mphindi 6 mpaka 8 pa mapichesi akuluakulu, kupatula olimbirako aja ofuna kuvindikira, ndipo aang'ono mphindi 5 zakwana. Amapitiriza kufewa ataphulidwa, choncho aphuleni akadali ndi kamphamvu. Cholakwika china ndi kuwaunjika m'kontena n'kutseka kuti asazizire. Nthunzi imawamaliza. Ayaleni m'mbale yotakata, khungu pansi, osasanjikiza.

Ofewa kwambiri asapite pa waya n'komwe. Ikani chiwaya kapena felempani yokhuthala pa mbaula, mupake mafuta pang'ono, muwagoneke mphindi ziwiri zokha. Amene aphwanyika kale musataye: aphwanyireni limodzi ndi timadzi ta ndimu, muthire pa phala la m'mawa kapena pa zitumbuwa.

Fungo lachilendo

Pichesi limatenga fungo lililonse limene lili pafupi. Mukakoleza makala ndi palafini kapena majumbo a pulasitiki, fungolo limatsalira, ndipo utsi wa pulasitiki si wabwino pa chakudya chilichonse. Kolezani ndi zitsononkho zouma, timitengo kapena mapepala. Makala osapsa bwino ku uvuni, aja ofiirira m'kati amene amafuka ngati nkhuni, achotseni ndi chopanira musanaike waya. Waya umene munawotchera chambo kapena mlamba umanunkhabe nsomba ngakhale mutapala; utsukeni ndi sopo, muutenthetse, muupake ndi ndimu yodula pakati. Amene amawotcha zipatso kawirikawiri ndi bwino akhale ndi kawaya kake kapadera.

Waya wake ukhale wowotchera chakudya. Mashelefu a firiji yakale ndi waya wa mpanda amakutidwa ndi zinki, penti kapena pulasitiki, zinthu zimene sizinapangidwire moto, ndipo madzi owawasa a chipatso amasungunula zinkiyo.

Nyengo ya mapichesi imakumana ndi mvula yoyamba, ndipo mvula ikayamba anthu amathawira m'nyumba ndi mbaula. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo kapena mtundu. Wotcherani pakhonde kapena m'khitchini yotseguka mbali, ndipo mbaula isalowe m'chipinda chotseka ngakhale moto ukuoneka ngati watha.

Ada asanafike pa moto

Mnofu wa pichesi ukakumana ndi mpweya umathimbirira ngati nthochi yosenda. Sizowopsa, kungoti sizioneka bwino. Dulani moto utatsala pang'ono kukonzeka, mphindi 10 kapena 15. Ngati mwadula kale kuti muyang'ane mphutsi, pakani madzi a ndimu, supuni yaikulu imodzi pa zidutswa 8, ndipo mudzapukutenso musanapake mafuta.

Apsa bwino koma sakukoma

Izi zimachitika ndi mapichesi othyoledwa msanga aja, kapena amene anakhwima mvula ikugwa kwambiri. Kuwonjezera shuga kokha kumapangitsa kuti azingozuna mopanda mutu. Chimene chikusowa kawirikawiri ndi mchere ndi kowawasa: timchere tija, ndi madontho atatu anayi a ndimu pa chidutswa chilichonse chitangophulidwa. Ngati chipatso n'chowawasa kale, siyani ndimu, muwonjezere shuga afike supuni yaing'ono yodzaza.

Chofunda chimakoma chikakumana ndi chozizira. Supuni yaikulu ya chambiko kapena yogati yopanda shuga m'kadzenje muja imachita bwino kuposa ayisikilimu, amene amasungunuka msanga n'kumiza kukoma kwa chipatso, ngakhale ana sangavomereze zimenezo. Kasitadi wozizira amagwiranso. Mtedza wokazinga wophwanya pang'ono mu mtondo, supuni yaing'ono pa chidutswa, umapereka chotafuna. Dikirani mphindi 3 mpaka 5 musanagawe. Shuga wosungunuka m'kadzenje amatentha kwambiri, ndipo amamata pa lilime.

Popanda mbaula, kapena popanda mapichesi a mu mtengo

Pa sitovu ya magetsi kapena ya gasi, gwiritsani ntchito felempani yokhuthala, yotenthetsedwa mphindi zitatu pa moto wapakatikati wokwererako. Yopyapyala imatentha pakati pokha n'kupsereza. Musadzaze: siyani mpata wa chala pakati pa zidutswa, apo ayi madzi amasonkhana n'kuyamba kuwira. Mu uvuni wa magetsi, ikani pa madigiri 220, mbali yodula itayang'ana kumwamba, shuga ndi batala zili kale m'kadzenje, kwa mphindi 12 mpaka 15. Mizere sikhalapo, fungo la makala silikhalapo, koma kumata kulibenso.

Amene ali ku South Africa amapeza mapichesi akuluakulu m'miyezi yotentha, kuyambira Novembala mpaka cha m'ma Malichi, ndipo achikasu ogwirana ndi nthangala, omwe mnofu wake ndi wolimba, amapirira moto bwino akadulidwa matsaya. Ku Britain abwino amapezeka pakati pa Julaye ndi Seputembala. A m'miyezi yozizira amakhala atayenda ulendo wautali m'zozizira, ndipo ufaufa uja umapezeka kawirikawiri. Manekitarini, omwe ndi mapichesi opanda ubweya, amawotchedwa chimodzimodzi.

A m'chitini anaphikidwa kale ndipo akhala m'madzi a shuga, motero amaphwanya malamulo awiri nthawi imodzi: ndi ofewa, ndipo ali ndi shuga pamwamba. Sankhani odulidwa pakati, osati timizere. Akhetseni pa sefa mphindi 10, muwatsukuluze ndi madzi, muwapukute mpaka aume ndithu, muwapake mafuta, ndipo muwaike pa chiwaya mphindi ziwiri mbali yodula, imodzi mbali inayo. Alibe khungu lowagwira, ndiye anyamuleni ndi chotembenuzira, osati chopanira. Shuga wina musathire.

Otsala aikeni m'firiji atazizira, m'chotengera chotseka, ndipo adyedwe pasanathe masiku awiri. Powafunditsa, mphindi imodzi kapena ziwiri pa felempani, khungu pansi. Kumene kulibe firiji, wotchani okwana kudya usiku womwewo, zidutswa ziwiri pa munthu ngati ndi akuluakulu, zinayi ngati ndi matsaya a aang'ono aja.